Nyumba Imene Inkasamuka M'mawa Uliwonse

Sunthirani kuno, mphepo ya ku Tsangano siseka ndi munthu. Amene ali ndi bulangete afunde, chifukwa nkhaniyi inachitika nyengo yonga ino, mwezi wa Juni, pamene nkhungu imatsika m'mapiri n'kudzagona pamsewu ngati ng'ombe yotopa.

Pa kamsika kena m'mbali mwa msewu umenewu pankakhala bambo wina, a Lufeyo Kambalame. Anali mtchona. Anapita ku Joni tsitsi lili bii, anabwerako lili mbuu. Kumeneko iwo ankaphika m'nyumba za azungu, akazi awo a Esinati, amene iwo ankangowaitana kuti Nachisale, ankachapa ndi kusita. Kangachepe kamene ankapeza ankatumiza kuno kuti amange nyumba yodzapumiramo.

Mwana wawo Elube, wobadwira ku Joni komweko, ndiye anaganiza zoika kamera pamalopo. Anati mwini nyumba akakhala kutali, simenti imayenda yokha. Anatumiza kamera ndi rauta, kabokosi koyera kamene kamakoka intaneti n'kuigawa m'nyumba. Anaimika mtengo padenga la kachipinda kosungiramo zida, n'kumangirira kambale koyera koyang'ana ku mlongoti wa kampani ya mafoni. Woyang'anira ntchito anali mchimwene wa Nachisale, a Batumeyo Chisale, bambo wa njinga yamoto ya kabaza, wapakamwa pothwa koma wa mtima wofewa ngati nthochi.

Panali vuto limodzi. Magetsi akazima n'kuyakanso, nyumba inkasowa pa foni. Pamenepo Elube ankaimbira amalume ake, iwo n'kuwerenga nambala yatsopano imene rauta yalandira, Elube n'kuilemba, nyumba n'kutulukiranso.

Nachisale anadwala khoma litafika pa mawindo. Ali pabedi m'chipatala, foni ndiyo inali njira yawo yobwerera kumudzi. Ankaiyang'ana mpaka maso kuwawa.

"Achimwene," ankatero, "zenera la kukhitchini alikweze pang'ono. Ndikufuna ndizidzaona msewu ndikutsuka mbale. Ndipo bwalolo mulisiye. Mukusesa ngati nkhuku ikupalasa. Ndidzasesa ndekha ndikadzafika."

Sanafike ndi miyendo yawo. Anabwera m'bokosi, m'ngolo yokokedwa ndi minibasi. A Kambalame anachita zonse monga mwa mwambo wathu, wakuti womwalira amauzidwa njira kuti asatsalire. Pa mtsinje uliwonse ankatembenuka n'kunena chapansipansi. "Nachisale, tikuwoloka Limpopo." "Nachisale, uyu ndi Zambezi, tili pa Tete." "Talowa kwathu tsopano." Ndipo pomaliza, kuseri kwa phiri, anati, "Tafika kwa amayi anu." Anawaika kumeneko. Kunyumba yatsopano maliro sanadzereko, chifukwa inali isanaikidwe zitseko.

Chaka chitatembenuka a Kambalame anamaliza nyumba ija n'kulowamo okha, Elube atatsala ku Joni. Anali ndi chizolowezi chimene anachitenga m'makhitchini a ku Joni, chakuti munthu sagona asanazimitse chilichonse pakhoma. Wailesi, ketulo, rauta, zonse thi. M'mawa akayatsa, Elube ankakhala atawataya kale.

"Ababa, mwazimitsanso! Ine ndidziwa bwanji kuti mwadzuka bwino? Inu ndi shuga wanuyo?"

"Ndadzuka, si ndikuyankha foni apa?"

"Ayi. Ndauza akampani atumize munthu. Akupatseni nambala yosasintha."

Munthu wakampaniyo asanabwere, pamsika panayamba kuchitika tinthu.

Choyamba linali tsache. Mayi Nyasulu, mphunzitsi wa ku pulaimale, anadzuka m'mawa wina n'kupeza tsache lawo palibe, koma bwalo lawo litasesedwa theka. Anthu anaseka. Anati mbava ya chaka chino ndi yaulemu, imayamba yagwira ganyu. Patapita masiku, tsache lija linapezeka litagona pakati pa bwalo la wagolosale, nalonso losesedwa theka. Wagolosale analikankhira kumsewu ndi phazi. M'mawa mwake linali kwa mlangizi wa zaulimi. Kenako linabwereranso kwa Mayi Nyasulu. Kuseka kunayamba kuchepa.

Agalu a pamsika, amene amauwa ngakhale tsamba, anayamba kukhala chete m'bandakucha. Mayi wina wogulitsa kachewere, polawirira galimoto ya ku Blantyre, anati anadutsana ndi munthu m'nkhungu. Munthuyo ankayenda pang'onopang'ono, akuyang'ana madenga a nyumba, osati zitseko. Anamupatsa moni koma sanamve yankho. Ndipo ngakhale msewu unali wa miyala, sanamve mapazi.

Tsiku lina a Kambalame akupita kukagula buledi anapeza anthu ataima pa mpanda wa Mayi Nyasulu. Mayiwo ankafotokoza manja ali m'khwapa.

"Ine ndinamva ndi makutu angawa. Tambala asanalire. Mawu a mzimayi, otsika, aulemu. Akuti, 'Odi.' Ine phee. Kenako akuti, 'Kodi ndi pano?' Ndinaluma bulangete. Ndani amayankha odi wa nthawi imeneyo? Ndiye ndinamva tsache, shwa, shwa, shwa. Lafika pakati, laima. Ngati munthu wadzidzimuka kuti akusesa kwa eni."

A Kambalame anasuzumira pa mpanda. Buledi anamuiwala.

Aliyense ali ndi kasesedwe kake. Bwalo lija linali ndi mizere yokhota, wina kugona pa unzake, ngati mamba a nsomba. Anaiona mizere imeneyo m'mawa uliwonse kuseri kwa nyumba za eni ku Joni, pa kabwalo kochepa ngati mphasa. Atakweza maso anaona a Batumeyo ataima mbali ina, chisoti cha njinga chili m'manja, nawonso akuyang'ana pansi. Anayang'anana. A Batumeyo anavala chisoti n'kuliza njinga.

Madzulo ake anabwera kunyumba, osakhala pansi.

"Alamu, anthu ayamba kutchula dzina."

"Ndamva."

"Amayi athu ndiwo ankasesa choncho. Anaphunzitsa mwana mmodzi yekha. Ine sindingalole kuti mlongo wanga asanduke nyimbo ya pamsika. Ndalankhula ndi munthu wa kutsidya, ku Mozambique. Abwera Loweruka m'mawa. Akakhoma zikhomo zake pamanda, basi, sadzadzukanso."

"Kumukhomera? Nachisale? Walakwira ndani? Akungosesa."

"Akusesa kwa eni, alamu! Mukufuna afike mpaka kupolisi akasese kumeneko?"

"Akufuna kwinakwake. Munthu wofunsa kuti kodi ndi pano, ndiye kuti wasochera."

"Ngati akufuna kuno, bwanji osabwera? Nyumba yanu ndi iyi, ya malata obiriwira, ikuoneka ngakhale uli paphiri."

Funso limenelo linawalasa a Kambalame kuposa zikhomo zija. Masiku otsatira ankadzuka kusanache, kukhala pampando kuseri kwa chitseko, kudikira. Odi ankamveka kwa ena. Kwa iwo kunkangobwera mphepo.

Munthu wakampani anafika Lachisanu masana, atakwera njinga ya a Batumeyo kuchokera pamphambano. Anali bambo wa ku Balaka, dzina lake Jafali, wamfupi, wa chikwama chakumsana, wolankhula ngati wailesi. A Batumeyo anamutsitsa n'kunena kuti adzamutenga dzuwa likapendeka.

"Madala, kuno kumazizira chonchi chaka chonse? Mwana wanu uja watiimbira mpaka abwana kuloweza nambala yake. Rauta ili kuti?"

Anatulutsa laputopu, kulumikiza chingwe ku rauta, n'kutsegula tsamba lodzaza timabokosi. A Kambalame anamuikira tiyi n'kukhala pambali.

"Tandiuzani, Che Jafali, chimavuta n'chiyani? Nyumba ili pompano, siyenda. Mwana amaitaya bwanji?"

"Pansi pano siyenda, Madala. Koma pa intaneti nyumba yanu imasamuka m'mawa uliwonse. Onani. Rauta iliyonse imafuna adiresi, nambala yoti akunja aipezere. Kampani ili ndi manambala ake mumtanga. Mukayatsa, imakubwerekani imodzi. Mukazimitsa, imailanda. Mukayatsanso, imakupatsani ina. Ndiye mwana wanu amagogoda pa adiresi ya dzulo, inu mutachokapo."

A Kambalame anaika kapu yawo pansi mosamala.

"Nanga ya dzuloyo imapita kuti?"

"Imabwerera mumtanga. Wina amene akumwa pa mlongoti womwewu akayatsa yake, akhoza kuitola. Lero ili kwa uyu, mawa kwa uyo."

A Kambalame anaimirira n'kutuluka. Anakaima pageti n'kuyang'ana kumsika. Sanayang'ane zitseko. Anayang'ana madenga. Pa denga la Mayi Nyasulu panali mtengo ndi kambale koyera. Pa golosale, kambale koyera. Kwa mlangizi, kambale koyera. Nyumba zina zonse zinali ndi madenga opanda kanthu.

Anakumbukira chipatala chija, dzanja lowonda litagwira foni, ndi mawu aja akuti, Elube, nyumba yasowa, taimbira amalume ako. Mayi uja sanapondepo pano. Msewu wa fumbi sankaudziwa, mlatho wa pamsika sankaudziwa. Njira imene ankaidziwa inali imodzi yokha, ndipo pa njira imeneyo panalibenso womuwerengera nambala yatsopano.

Anabwerera m'nyumba ali ndi mphamvu ya mnyamata.

"Che Jafali, nambala yosasinthayo itheka lero?"

"N'chimene ndabwerera. Ife timati sitatiki. Akupatsani ziwiri, ina ya rauta, ina ya kamera. Zimenezi sizibwereranso mumtanga, ndi zanu. Kungoti rauta siingazitole yokha. Tiyenera kuiletsa kupempha, kenako tizilembe ndi manja. Mukalakwitsa kadontho kamodzi, nyumba yonse imakhala pa mdima."

Anatsegula uthenga wa ku ofesi pa foni yake n'kuyamba kulemba, akufotokoza ngakhale sanafunsidwe. Mzere woyamba, anati, ndi nambala ya nyumba. Wachiwiri umauza rauta pamene mudzi wake ukulekezera. Wachitatu ndi potulukira popita kunja. Wachinayi ndi wofunsako njira, amene amadziwa mayina a malo onse. Anali atangomaliza wachinayi, chala chikupita poti asunge, pamene firiji inasiya kulira. Kanyali ka pa rauta kanazima.

"Aaa, magetsi athu!" Jafali anamenya ntchafu. "Zonse zapita. Ndipo ndinali nditaichotsa kale pa zakale zija. Panopa nyumba yanu ilibe adiresi ina iliyonse, Madala, yobwereka kapena yanuyanu. Ndibweranso Lolemba."

"Lolemba ndi kutali."

"Ndi masiku ochepa chabe. Mwana wanu apirire."

"Sindikunena za mwana."

Kunja kunamveka njinga. A Batumeyo analowa akupukuta nkhungu kumaso, chifukwa inali itayamba kale kutsika ngakhale dzuwa linali lisanalowe.

"Tiyeni achimwene, minibasi zitha. Kunjaku sikuli bwino. Nkhuku zalowa zokha m'khola nthawi isanakwane."

A Kambalame anatseka chitseko n'kuimapo. Anafotokoza zonse, za mtanga wa manambala, za madenga atatu aja. Jafali ankamvetsera kukamwa kuli yasa. A Batumeyo anaseka, koma kuseka kwawo kunali kouma.

"Alamu, ukalamba wakulowani m'mutu. Mizimu siyenda pa netiweki."

"Inu amene munkamuwerengera manambala aja, njira ina munamuonetsa iti? Ine ndinamuuza Limpopo, ndinamuuza Zambezi, ndinamuuza kwa amayi ake. Za nyumba yake ndani anamuuza?"

A Batumeyo anatembenuka. Anayang'ana zenera la kukhitchini, lija anakweza chifukwa cholamulidwa pa foni.

"Ndikupempha usiku umodzi," anatero a Kambalame. "Akapanda kufika, munthu wanu wa zikhomo ndikamuperekeza ndekha."

Mlamu uja anatuluka. Otsala m'nyumba anamumva akugogoda zitsulo panja, akung'ung'udza. Anabwera atanyamula batire la njinga ngati khanda n'kuliika patebulo.

"Ndi lokalamba ngati mwini nyumba. Ndipo mafuta mu njinga ndi ongofikira pamphambano, ndiye musandiuze zoti ndiilize usiku wonse."

"Nanga ine ndipita bwanji?" anafunsa Jafali.

"Mugona pano. Mabulangete a ku Joni alipo."

"Ine ndinabwera kudzakonza rauta, Madala, osati kudzalandira alendo."

Komabe anatulutsa timawaya m'chikwama. Anasenda nsonga ndi mano, kulumikiza rauta ndi kamera ku batire lija. Kanyali kanayaka kofiira. Atagwira foni kuti aone manambala aja, a Kambalame anatambasula dzanja.

"Bweretsani," anatero a Kambalame. Anavala magalasi. "Ine ndiziwerenga, inu muzilemba."

Anawerenga pang'onopang'ono, mokweza, nambala iliyonse payokha, kadontho kalikonse kutchulidwa. A Batumeyo anawayang'ana, chifukwa mawu amenewo ankawadziwa. Ndi mawu omwe aja anawamva mu minibasi, pa milatho. Sankawerengera Jafali yekha.

Jafali anasunga. Rauta inazima n'kuyambanso. Kanyali kanakhala kofiira nthawi yaitali moti a Batumeyo anayamba kuyenda uku ndi uku. Kenako kanaphethira, n'kukhala kobiriwira. Jafali analemba nambala yachiwiri mu kamera, n'kutumiza zonse kwa Elube. Posakhalitsa foni inalira.

"Ababa! Ndikuona khonde! Ndikuona geti! Njinga ya amalume ikutani pamenepo?"

"Yagona kuno. Nambala imeneyo uisunge, mwana wanga. Akuti siidzasinthanso."

Atadula foni, Jafali anagwira batire n'kupukusa mutu. "Kufika m'mawa, kaya. Tingachotse kamera kuti lipume."

"Ayi. Ankadzera pa kamerapo."

Za usikuwo palibe zambiri zoti ndikuuzeni. Magetsi sanabwere. Amuna atatu anakhala pabalaza atafunda mabulangete, akuyang'ana kanyali kochepa ngati njere ya therere. Jafali anapemphera mapemphero ake, a Batumeyo anawodzera n'kumakana kuti sakuwodzera. Dzanja la a Kambalame, pa nthawi yake yozolowera, linanyamuka lokha kupita ku swichi ya pakhoma. Analibweza n'kulikhalira.

Chakum'bandakucha kuzizira kunasintha. Kunasiya kuluma, kunangokhala kolemera. Galu wa kugolosale, amene anauwa usiku wonse, analeka pakati pa kuuwa. Kanyali kaja kanali katafooka, kakuoneka ngati kakufuna kugona.

"Mukumva?" ananong'ona Jafali.

Kutali, cha kumsika, china chake chinkakhwekhwereza pa miyala. Sanali mapazi. Linali ngati tsache logwiridwa ndi munthu wotopa, nsonga yake ikukhudza pansi. Phokoso lija linafika cha kwa Mayi Nyasulu n'kuima. Linayambanso. Linadutsa pagolosale osaima. Linadutsa kwa mlangizi. Linawoloka kamlatho, n'kuyamba kukwera kamtunda kobwera kwawo.

Foni inanjenjemera patebulo, onse atatu n'kudumpha. Anali Elube, akulankhula motsitsa.

"Ababa, pepani kukudzutsani. Ndimakonzeka zopita kuntchito, ndiye ndinati ndione ngati zikugwirabe. Pageti pali munthu."

"Ukumuona bwanji?"

"Nkhungu yachuluka. Wangoima. Wamanga bulangete m'chiuno, ngati mmene... Ababa, bulangete lija lofiira tinaliika m'bokosi, si choncho?"

"Usadule foni, mwana wanga. Ungokhala chete."

Geti silinalire, ngakhale linali geti lolira. Koma phokoso lija tsopano linali mkati, likubwera pa kanjira ka njerwa. Linafika pa sitepe ya khonde. Linaleka.

"Odi."

Mawu otsika, aulemu, a munthu wosafuna kudzutsa ana a eni. Jafali anadzikwirira mutu. A Batumeyo anagwira mkono wa alamu awo ndi manja onse awiri.

"Musayankhe," ananong'ona. "Alamu, chonde. Mukudziwa mwambo. Woyankha amatengedwa."

Inu nonse mukuudziwa mwambo umenewo. Tinakula nawo. Ukamva kuitana kunja kusanache, usavomere, chifukwa sudziwa chimene chabwereka mawuwo. Ndi mwambo wabwino, wasunga anthu ambiri. A Kambalame nawonso ankaudziwa. Bwanji ngati si iye? Kanyali kanaphethira kawiri.

"Kodi ndi pano?"

M'mawu amenewo munalibe choopsa. Munali kutopa kokha, ndi manyazi a munthu amene wafunsa pa makomo ambiri osayankhidwa. A Kambalame anachotsa manja a mlamu wawo, chala chimodzichimodzi. Anaimirira, kukonza kolala ya malaya, n'kutsegula chitseko.

Panja panali nkhungu yokhayokha, yoyera, yofika mpaka pa sitepe. Koma munali kafungo ka sopo wochapira ndi nsalu yongositidwa kumene.

"Ndi pano, Nachisale," anatero. "Ndi pano. Fikani. Nyumba yanu ndi imeneyi. Zenera lija tinakweza."

Kenako kamphepo kanawadutsa paphewa, kofunda, kulowa m'nyumba. Katani ya kukhitchini inagwedezeka. Chitseko cha kuchipinda chinatseguka pang'ono n'kubwerera. M'kabati makapu anagundana mofatsa, monga amachitira munthu akamaona ngati atsukidwa bwino. A Batumeyo anali atagwada pansi, misozi ili mbwe, akungoti, "Mlongo wanga, mlongo wanga."

Ndiye panja tsache linayamba. Shwa. Shwa. Shwa. Linayambira pakhonde. Linazungulira kuseri, kudutsa pa thanki ya madzi, kubwerera cha kumpanda. Litafika pakati pa bwalo silinaime. Linapitirira, mosafulumira, mpaka kugeti. Tambala woyamba analira. Kanyali ka pa rauta kanazima.

"Kazima!" A Kambalame anatembenuka mwamantha. "Che Jafali, kazima! Atayikanso?"

Jafali anatulutsa mutu m'bulangete. Mawu ake anali ang'onoang'ono, koma anayankha ngati munthu wa ntchito yake.

"Ayi, Madala. Tinasunga. Izime, iyake, nambala ndi yomweyo. Nyumba yanu yasiya kusamuka."

Kutayera anatuluka. Bwalo lonse linali mamba a nsomba, kuyambira pa sitepe mpaka kumsewu, osaphonya ngodya. Panalibe phazi la munthu. Tsache la Mayi Nyasulu linali litatsamira khoma, pambali pa chitseko, mutu uli m'mwamba, monga amaikira mwini khomo. Palibe amene anafuna kuyamba kuponda. Anayenda m'mbalimbali mwa mpanda ngati akuba.

Pa foni, Elube anali akadalipo. Anangoti, "Ababa, ndaona," ndipo bambo ake anati, "Eya." Sanafunsane zambiri, ngakhale pambuyo pake.

A Batumeyo anabwezera batire pa njinga, koma linali litatheratu, moti anachita kuikankha kutsetsereko, Jafali akuthamanga pambuyo ndi chikwama. Anakakumana ndi munthu wa zikhomo uja pamphambano n'kumubweza ndi mawu abwino. Jafali anapita kwawo ndi tambala wamoyo m'khwapa ndi thumba la kachewere, zimene anayamba wakana kenako n'kulandira ndi manja awiri. A Kambalame anamugwira dzanja nthawi yaitali.

"Mwandibweretsera munthu wanga kunyumba, achimwene. Mulungu akusungeni."

"Ine ndangolemba manambala, Madala. Koma ku ofesi ndikangonena kuti zinatheka. Zinazo sindikanena, angandichotse ntchito."

Mayi Nyasulu anaguliridwa tsache latsopano, ndipo lakale sanalifunse. Kuyambira tsiku limenelo odi wa m'bandakucha sanamvekenso pa kamsika kaja. Agalu anayambiranso kuuwa masamba. Bwalo la a Kambalame silinasesedwenso lokha, amasesa ndi iwo, ndi tsache lina, mokhotakhota moyesera, ngakhale mizere yake siigona bwino. Lija la pakhomo saligwira. Kungoti masiku ena amalisiya kumanja kwa chitseko, m'mawa n'kulipeza kumanzere.

Wailesi amazimitsabe, ketulo amazimitsabe. Rauta yokha ndiyo saikhudza, ngakhale Jafali anawatsimikizira kuti palibe chingasinthe. Anagula batire lakelake loti magetsi akapita kanyali kazikhalabe koyaka. Amati munthu amene anayenda mumdima nthawi yaitali chonchija sumuzimitsira nyali.

Madzulo ena Elube akatsegula kamera ku Joni amawaona bambo ake atakhala pakhonde ndi kapu ya tiyi, milomo ikugwedera, nthawi zina akuseka. Tsiku lina analephera kupirira, anaimba.

"Ababa, mukulankhula ndi ndani pamenepo?"

A Kambalame anayang'ana m'mwamba, pa kamera, n'kukweza kapu.

"Ndi eni nyumba," anatero.